Ulenje wosaka quarterback m'mayunivesite a ku America

Loweruka lililonse, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Disembala, mabwalo a mayunivesite ku America amadzaza tho. La ku Michigan mumzinda wa Ann Arbor limalowa anthu oposa 100,000, chonsecho osewerawo ndi ana asukulu. Mpira wawo ndi wosongoka uku ndi uku, ndipo amaugwira ndi manja. Timu imalowetsa anyamata 11, koma maso onse amakhala pa mmodzi, quarterback. Iyeyu ndiye amalandira mpira masewero akangoyambika n'kusankha mwachangu kuti auponye kutsogolo, aupatse mnzake waliwiro, kapena athamange nawo yekha. Mphunzitsi akalakwitsa posankha mnyamata ameneyu, kawirikawiri ntchito imamuthera.

Kale udindowu kudalibe. Pa 6 Novembala 1869, pamene Rutgers idagonjetsa Princeton 6-4 pa masewero oyamba a makoleji, anyamata ankangokankhana n'kumamenya mpira ndi mwendo. Mu 1880 Walter Camp wa ku Yale adabweretsa lamulo loti matimu aziima mizere iwiri moyang'anizana, ndipo kumbuyo kwa mzere kukhale wolandira mpira. Ngakhale apo, ntchito ya munthuyo idali yongopatsira anzake amphamvu kuti abowole khoma la adani.

Chidakweza udindowu ndi maliro. Mu 1905 osewera ambiri adafa chifukwa cha kugundana, mpaka Pulezidenti Theodore Roosevelt adaitanitsa akuluakulu a Harvard, Yale ndi Princeton kuti akonze zinthu. Chaka chotsatira malamulo adalola kuponya mpira kutsogolo, pofuna kuti osewera amwazikane pabwalo. Ambiri adanyozera njirayi kufikira mu 1913, pamene Notre Dame, sukulu yosatchuka kwenikweni nthawiyo, idapita ku West Point n'kukwapula timu ya asilikali 35-13. Gus Dorais ankaponya, Knute Rockne ndi anzake ankawakha. Aphunzitsi adaona kuti dzanja la munthu mmodzi likhoza kugwetsa timu ya zimphona.

Ulenje udayamba pang'onopang'ono. Bungwe loyendetsa masewerowa la NCAA silinkalola kulipira wosewera, choncho nyambo idali sukulu yaulere, chakudya ndi pogona. Aphunzitsi ankayenda mitunda italiitali, kukhala pabalaza ndi makolo, kudya nawo, n'kulonjeza kuti mwana adzasamalidwa. Umu ndi mmene Joe Namath, mnyamata wa ku Beaver Falls m'dera la mafakitale la Pennsylvania, adapezekera ku Alabama mu 1961 m'manja mwa mphunzitsi Bear Bryant. Mu 1964 Alabama idatenga ukatswiri wa dziko.

Masukulu ena adamanga dzina lawo lonse pa udindowu. LaVell Edwards atatenga timu ya Brigham Young ku Utah mu 1972, adadziwa kuti sangalimbane ndi masukulu akuluakulu pokopa zimphona, ndiye adaika mtima pa oponya. M'manja mwake mudadutsa Jim McMahon, Steve Young ndi Ty Detmer, ndipo mu 1984 Robbie Bosco adawabweretsera ukatswiri. Ku Miami nako, Jim Kelly adatsegula njira, Bernie Kosar adatenga ukatswiri wa 1983, Vinny Testaverde n'kulandira mphotho ya Heisman, ya wosewera wopambana onse m'makoleji, mu 1986.

Intaneti itafika, ulenje wa m'zipinda udasanduka msika wa poyera. Makampani monga Rivals ndi 247Sports adayamba kupatsa ana a kusekondale nyenyezi, zisanu kwa wopambana. Mu 1999 kudayamba mpikisano wa Elite 11, wosonkhanitsa oponya achichepere aluso kwambiri. Nthawi zina nyenyezizo zinkanena zoona. Vince Young wa ku Houston, yemwe adali pamwamba pa mndandanda mu 2002, adatsogolera Texas kugonjetsa USC 41-38 mu Januwale 2006. Trevor Lawrence adafika ku Clemson mu 2018, ndipo m'chaka chake choyamba adagwetsa Alabama 44-16 pa ndime yomaliza.

Koma udindowu uli ndi vuto lomwe maudindo ena alibe. Owakha mpira angalowe atatu kapena anayi pakamodzi, otchinga asanu, pamene quarterback amalowa mmodzi basi. Paja atambala awiri salira m'khola limodzi. Lawrence atangopatsidwa mpando, Kelly Bryant yemwe adali pamalopo adachoka ku Clemson. Ku Alabama, Tua Tagovailoa adalowa m'chigawo chachiwiri cha ndime yomaliza ya mu Januwale 2018 n'kupulumutsa timu kwa Georgia, 26-23. Jalen Hurts amene adamupatsa malo adapirira chaka chimodzi, kenako adasamukira ku Oklahoma. Joe Burrow adatopa ndi benchi ku Ohio State n'kupita ku LSU, komwe mu 2019 adaponya mipira 60 yobala zigoli, timu n'kupambana masewero onse 15.

Nkhani ya Burrow idaphunzitsa aphunzitsi kuti chuma chikhoza kukhala pa benchi ya mnzako. Malamulo nawo adamasuka. Kale wosamuka ankayenera kukhala chaka chathunthu osasewera, pokhapokha ngati watsiriza digiri. Mu Okutobala 2018 NCAA idatsegula kaundula wa ofuna kusamuka, mu 2021 idachotsa chilango cha chakacho kwa wosamuka koyamba, ndipo pa 1 Julaye chaka chomwecho osewera adaloledwa kupeza ndalama kudzera m'dzina ndi chithunzi chawo. Caleb Williams, wopata Heisman mu 2022, ndi Jayden Daniels wa 2023, onse adali osamuka. Ohio State idatenga ukatswiri wa 2024 ndi Will Howard, yemwe idamutenga ku Kansas State.

Sikuti ulenjewu umapha nthawi zonse. Stetson Bennett adalowa ku Georgia popanda thandizo la fizi, aphunzitsi n'kumabweretsa anyamata a nyenyezi zisanu kuti amulande malo, koma ndiye adawinitsa timuyo ukatswiri mu 2021 ndi 2022. Luso loganiza mwachangu adani akukuthamangira silioneka bwino pa kanema wa kusekondale.

N'chifukwa chake masukulu ambiri tsopano akukonda munthu woti adayesedwa kale pabwalo la koleji. Kuyambira mu 2025 yunivesite ikuloledwa kugawira osewera ake ndalama, zomwe m'chaka choyambacho zinkafika pafupifupi madola 20.5 miliyoni, ndipo quarterback wodalirika ndiye amadya gawo lalikulu. Mphunzitsi amene kale ankanyengerera makolo kamodzi kokha, lero amayenera kunyengerera quarterback wake yemwe chaka chilichonse kuti asachoke. Mnyamata wa zaka 17 wa nyenyezi zisanu naye akasaina, amadziwa kuti mpando womwe amulonjeza ungagulitsidwe kwa mkulu wake wa zaka 22 wochokera kusukulu ina.