Mawu Awiri a Bere Limodzi

M'midzi ya kumapiri a kumwera kwa United States, kumene ana a alimi osauka ankaphunzira kuimba m'matchalitchi aang'ono, munakula mwambo wa abale awiri oimba pamodzi, wina atagwira gitala natsogolera nyimbo, mnzake akuliza mandolini nakweza mawu pamwamba pa mbale wake. Popeza anayamwa bere limodzi, namva katchulidwe kamodzi chiyambire ukhanda, mawu awo ankalukana kotero kuti womvera pa wailesi sankatha kuwasiyanitsa.

Bill ndi Charlie Monroe a ku Kentucky anajambula nyimbo zawo zoyamba mu 1936, napatukana mu 1938; pamenepo Bill anakhazikitsa gulu la Blue Grass Boys, limene linapatsa dzina nyimbo za bluegrass. Koma amene amandifika pamtima ndi Ira ndi Charlie Louvin a ku Alabama, amene ankasinthana mawu apamwamba ndi apansi nyimbo ili mkati. Akulu amati chibale n'fupa, sichiola. Komabe mowa ndi ukali wa Ira zinawalekanitsa mu 1963, ndipo mu 1965 iye anafa pa ngozi ya galimoto ku Missouri, Charlie natsala akuimba yekha kufikira imfa yake mu 2011.