Malire Olembedwa ndi Rula

Tikayang'ana mapu a pakati pa dziko la Amereka, timadabwa kuona malire oongoka ngati olembedwa ndi rula. Gwero lake ndi lamulo la 1785, limene linagaŵa dziko la kumadzulo m'madera otchedwa township, lililonse la mamailosi 6 m'litali ndi m'lifupi momwe, logaŵidwanso m'zigawo 36. Chigawo cha 16 chinapatulidwa kuti chithandize sukulu. Pambuyo pake, m'madera ambiri otere alimi anayamba kudzisankhira atsogoleri osamala miseu, manda ndi amphaŵi.

Koma tisaiŵale kuti pamene Thomas Hutchins ankayamba kuyeza malo ku Ohio chaka chomwecho, kunali kale eni nthaka, mitundu ya Shawnee ndi Lenape. Mzere umene unapatsa mwana wina sukulu unalanda mnzake mudzi wa makolo ake.