Dzina limene atsikana athu anamanidwa



Pa 22 Febuluwale caka ciliconse, mvula ili pakati, atsikana a bungwe la Girl Guides pa dziko lonse amasunga tsiku lokumbukirana. Kuno ku Lusaka ndawaonapo kambiri akupita kokumana, yunifomu yosita bwino, nsapato zili m'manja cifukwa ca matope a ku Kanyama ndi ku Chawama. Ambiri timangoti ndi ana a sukulu oguba. Lero ndifuna kukuuzani kumene anacokera, pakuti mbiri yao ili ndi pena powawa.

Zinayambira ku England. Mu 1907 msilikali wina, Robert Baden-Powell, anatengera anyamata pa cisumbu ca Brownsea n'kuwaphunzitsa kugona m'thengo, kusonkha moto, kumanga mfundo ndi kuthandiza wovulala. Ndiwo ma Scout oyamba. Za atsikana analibe nazo ganizo. Koma mu 1909, pa msonkhano waukulu wa ma Scout ku Crystal Palace mu London, panatulukira kagulu ka atsikana osaitanidwa, nati naonso ndi ma Scout. Caka cotsatira, 1910, bungwe la Girl Guides linabadwa, mlongo wake Agnes nalitsogolera. Pambuyo pake udindo unapita kwa mkazi wake, Olave. Iye ndi mwamuna wake onse anabadwa pa 22 Febuluwale, n'cifukwa cake tsiku lija.

Kwathu kuno, dziko likali kuchedwa Northern Rhodesia, Magaidi anayamba mu 1924. Likulu linali ku Livingstone, Lusaka ali kamudzi ka pa njanji. Koma gululo linabwerera ana a Azungu. Apa ndiye pamene pamandiwawa. Lamulo la Magaidi limaphunzitsa kuti gaidi aliyense ndi m'bale wa gaidi mnzake, kaya acokere kuti. Nanga mwana wa kuka amene anali kuphika m'nyumba momwemo? Azungu a kumwera kuno sanafune kuti mtsikana wakuda avale yunifomu imodzi ndi ana ao. Motero ku South Africa, mu 1925, anakonza gulu lina la atsikana akuda, nalicha Wayfarers, ndiko kuti apaulendo. Aang'ono anali ma Sunbeams, ndipo anyamata akuda, m'malo mokhala ma Scout, anali ma Pathfinders. Maina amenewa anakwera nayo njanji mpaka kuno.

Mfundo zinali zomwezo, kumanga bala komweko, kucitira munthu cabwino tsiku lililonse komweko. Cosiyana cinali dzina ndi covala. Amene anasunga magulu amenewa anali masukulu a mishoni, ndipo amai a mishoni ambiri anagwira nchitoyo ndi mtima wonse. Zimenezo sindikana. Koma ife a mipingo tisafulumire kudzilungamitsa: mpanda unalipo, ndipo tinaphunzitsa ana ubale tili mkati mwa mpandawo.

Unagwa pang'onopang'ono. Zambia inalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, ndipo mu 1966 bungwe la Girl Guides la dziko lino linalowa m'cigwirizano ca Magaidi a dziko lonse m'dzina lakelake. Cigwirizanoco cinayamba mu 1928, ndipo lero cili m'maiko oposa 150.

Ufulu utabwera, anthu anakhamukira ku Lusaka. Matero inadzala, makomboni monga George, Kalingalinga ndi Mtendere anakula mofulumira kuposa mipope ya madzi. M'malo otere mtsikana akaweruka ku sukulu amapeza cigubu cikumudikira, mwana wobereka ndi mbaula yosonkha. Amene anatengera Magaidi kumeneko sanali alendo ocokera kutsidya la nyanja. Anali aphunzitsi aakazi a ku pulaimale, otopa kale ndi kalasi lodzala, amene anali kutsala masana popanda wowalipira ngwee.

Ndiulule colakwa canga. Ndili mphunzitsi wacinyamata m'zaka za m'ma 1980, pa sukulu ina ya m'komboni, ndinali kuseka mnzanga wamkazi amene anali kutsogolera gululo. Masiku amenewo tinali kuima pamzere wa unga ndi sopo, ndipo ndinamufunsa kuti, "Amai, kodi mfundo amadyera nsima?" Iye sanandiyankhe. Anali kugawa atsikana m'timagulu ta asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu, kagulu kalikonse ndi mtsogoleri wake, mtsikana mnzao. Wosauka wopanda yunifomu anali kumupatsa kansalu ka m'khosi kokha, ndipo palibe anabwezedwa.

Tsiku lina Loweruka, pa nyumba yoyandikana ndi yanga, kamwana kanagwetsa mphika wa phala pa mbaula, phala lonse pa mkono. Akulu tinathamanga, wina akuti bweretsani saladi, wina akuti dzira laliwisi, ine mphunzitsi ndangoti kakasi. Mtsikana wa giredi 6, mmodzi wa aja ndinali kuwaseka, anatikankha tonse, naika mkonowo m'beseni la madzi ozizira. Anaugwira momwemo nthawi yaitali, agogo ake akumukalipira kuti ndi wamwano. Kenaka anaphimba ndi nsalu yoyera, nati tipite ku kiliniki. Namwino ataona balalo anafunsa amene anacita zimenezo, nagwedeza mutu kuvomereza. Lolemba ndinapita kwa mnzanga uja kukapepesa. Anangondipatsa cingwe kuti ndiphunzire mfundo imene amamangira bandeji, ija yogona bwino pa khungu koma yosavuta kumasula.

Zaka za m'ma 1990 zinali zoipa. Matenda a Edzi anatenga aphunzitsi ambiri, ndipo m'masukulu amene ndinali kuwadziwa gulu linali kufa pamodzi ndi mai amene anali kuligwira. Sikuti atsikana analeka kufuna. Panalibe wotsala nao masana. Bungwe lenilenilo silinafe, ndipo mu 2024 linakwanitsa zaka 100. Koma caka comweco, pamene kolera inadzaza odwala m'bwalo la National Heroes Stadium ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa, ndinakumbukira mtsikana wa beseni uja, ndi anzake amene anali kudziwa kusakaniza madzi owiritsa, shuga ndi mcere.

Inu a kumidzi mudzati izi ndi za m'tauni. Iai. Kusonkha moto ndi kutunga madzi ana anu amaposa a ku Lusaka kutalitali. Cimene sapeza kawirikawiri ndi malo amene mtsikana wa zaka 12 amapatsidwa anzake asanu kuti awatsogolere, n'kuyankha yekha pamaso pa akulu. Nditapita kumudzi kwathu kum'mawa ndinafunsa akulu a mpingo ngati pa sukulu pali Magaidi. Anati panalibe wotsogolera. M'chalichi tsikulo ndinawerenga aphunzitsi aakazi opuma nchito atatu.

Mnzanga uja anamwalira mu 1996. Pamene ndinali kupuma nchito, mbendera ya gulu lake inali ikali m'kabati ya ahedi, yopinda bwino, pansi pa marejisita akale.