Ukali ndi Ubongo: Zimene Akatswiri Aphunzira pa Nyama

Pa Chigwa cha Phalombe palibe munthu wamkulu amene sadziwa galu wachiwewe. Galu amene dzulo ankagwedeza mchira, lero akuluma mbuye wake ngakhalenso mtengo, chifukwa kachilombo ka chiwewe kayenda m'mitsempha mpaka kukafika mu ubongo. Pamenepa tikuona kuti ukali uli ndi malo ake mu ubongo, ndipo malowo akavulala, khalidwe limasokonezeka. Akatswiri akhala akufufuza zimenezi pa nyama kwa zaka pafupifupi 100, pofuna kumvetsa chimene chimachititsa odwala ena a matenda a maganizo kukhala andewu.

Walter Hess wa ku Zurich, m'dziko la Switzerland, ankalowetsa timawaya mu ubongo wa amphaka n'kudutsitsamo magetsi ochepa kwambiri. Akakhudza mbali ina ya chigawo chotchedwa hypothalamus, chimene chili kunsi kwa ubongo, mphaka wofatsa ankanyanyula ubweya ndi kutulutsa zikhadabo. Magetsi akazimitsidwa, ankafatsanso. Hess analandira mphotho ya Nobel mu 1949. Mu 2011, Dayu Lin ndi David Anderson ku California anadzutsa timaselo ta m'chigawo chomwechi pa mbewa pogwiritsa ntchito kuwala, ndipo mbewa yamphongo inayamba kuluma zazikazi, mpaka golovesi yopopedwa mpweya. Zigawo zina ziwiri zimathandizapo: amygdala, imene imazindikira choopsa, ndi mbali ya kumphumi, imene imagwira ntchito ngati mabuleki.

Komabe ndewu payokha si matenda. Akatswiri akaika khoswe wachilendo m'khola la khoswe mnzake, mwini khola amayamba ndi kuopseza, kenako amaluma kumsana kumene bala silipha, ndipo mlendo akagonja ndewu imatha. Ndewu ya nyama yathanzi ili ndi malamulo ake. József Haller ndi anzake ku Budapest, m'dziko la Hungary, analera makoswe ena paokhapaokha kuyambira pamene anasiya kuyamwa. Atakula, makoswewa ankaluma kumutu, pakhosi ndi pamimba, kawirikawiri osachenjeza n'komwe. Ife tikuona kuti apa ndi pamene pagona phunziro lalikulu kwa makolo ndi makatekisti: ubongo umaumbidwa ndi kaleredwe. Tikaganiza za ana amene anataya makolo pa namondwe wa Freddy mu 2023, kapena amene amakulira m'nyumba ya kachasu ndi zibakera, sitikunena kuti adzakhala achiwembu ayi, koma kuti kuwasiya okha n'kuwawonjezera bala.

Nanga za kumtundu? Mu 1993, Han Brunner anafotokoza za banja lina la ku Netherlands limene amuna ake angapo ankapsa mtima msanga ndi kuchita zachiwawa. Onsewo anali ndi chilema pa jini yotchedwa MAOA, imene imathandiza kuphwanya serotonin ndi timadzi tina tonyamula mauthenga mu ubongo. Mu 1995, mbewa zamphongo zopanda jiniyi zinapezekanso zandewu. Koma chilema chotere n'chosowa zedi. Mu 2002, Avshalom Caspi ndi anzake, potsatira anyamata a ku Dunedin ku New Zealand, anapeza kuti mtundu wofooka wa jiniyi unkayenderana ndi chiwawa makamaka mwa amene anazunzidwa ali ana. Choncho mawu akuti "ndi zakumtundu" asamatulutsidwe mwachibwana.

Mpingo sutsutsa kafukufuku wotere. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2417, amalola kuyesa pa nyama ngati sikupyola muyeso ndipo kukuthandiza kuchiza anthu. Pa nambala 1735 amaphunzitsa kuti mlandu wa munthu pa chochita chake ungachepe, kapena kuchoka kumene, chifukwa cha mantha kapena vuto la m'maganizo. Tikumbukirenso kuti mbewa si munthu: ilibe chikumbumtima, siganiza za mawa, ndipo zimene zapezeka pa iyo zimangolozera njira.

Odwala matenda a maganizo ambiri sachita chiwawa, ndipo nthawi zambiri ndi iwo amene amamenyedwa, kunyozedwa ndi kumangidwa pamtengo. Ngozi imakula pamene wodwala wasiya mankhwala, kapena akumwa mowa ndi kusuta chamba. Mkhristu wa m'limana mwathu akayamba ukali wachilendo, tisathamangire kunena za ufiti kapena ziwanda. Ngati ukaliwo wabwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kutentha thupi, kukomoka, kugwa khunyu kapena bala la kumutu, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, monga ku Holy Family kapena ku chipatala cha boma. Ofunika chithandizo chapadera amatumizidwa ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndipo a St John of God amathandiza odwala otere ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.