Kuthamanga kwa Magazi, Mankhwala Ake ndi Covid-19

Munthu ali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, kapena kuti BP, ngati muyeso wake ukufika pa 140/90 kapena kupitirira apo mobwerezabwereza. Nthendayi imafooketsa mtima, impso ndi mitsempha. N'chifukwa chake odwalawa, makamaka okalamba, ali pachiopsezo chodwala mwakayakaya akagwidwa ndi Covid-19.

M'chaka cha 2020 padali nkhawa yakuti mankhwala monga enalapril ndi losartan angakulitse matendawa, poti amakhudzana ndi ACE2, khomo limene kachilombo ka korona kamalowera m'maselo. Kafukufuku, kuphatikizapo wa BRACE CORONA wa ku Brazil, sadapeze vuto lotero.

Choncho odwala apitirize kumwa mankhwala monga adawalangizira adokotala, pakuti kusiya kumabweretsa chiopsezo cha sitiroko. Achepetsenso mchere, aziyezetsa BP kuchipatala ndipo alandire katemera.