Robert Finkelman ndi malasha odwalitsa a ku Guizhou

Robert Finkelman ndi katswiri wa sayansi ya miyala wa ku America, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku bungwe la boma la United States Geological Survey asanapite kukaphunzitsa pa University of Texas ku Dallas. Luso lake lalikulu ndi kufufuza zinthu zobisika m'malasha, zomwe zimakhalamo pang'ono kwambiri koma zimatha kuwononga thupi la munthu. Iye ndi mmodzi mwa akonzi a buku la Essentials of Medical Geology, lomwe linatuluka mu 2005.

Kafukufuku wake wodziwika kwambiri ndi wa m'chigawo cha Guizhou, kummwera chakumadzulo kwa China. Mu 1999, pamodzi ndi Harvey Belkin ndi Zheng Baoshan, anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti anthu osachepera 3,000 m'chigawochi ankadwala kwambiri chifukwa cha poizoni wa aseniki. Khungu lawo linkachita mawanga akuda, zikhatho ndi mapazi zinkauma n'kutuluka njerewere zolimba, ndipo ena matendawa ankafika pa khansa. Madokotala a ku China anali atawaona kale matendawa. Ntchito ya akatswiri a miyala inali kupima malashawo ndi kulondola njira imene poizoni ankadzera.

Njirayo inali ya kukhitchini. Nkhalango zitatha, mabanja akumidzi ankakumba malasha m'mbali mwa mapiri n'kumawayatsa m'mbaula zopanda chumuni. Nyengo yokolola kumeneko imakhala yachinyezi ndi yozizira, kotero tsabola ndi chimanga ankaziyanika m'nyumba, pamwamba pa moto. Malasha ena anapezeka ndi aseniki wokwana magalamu 35 pa kilogalamu imodzi, mlingo wodabwitsa ngakhale kwa akatswiri a migodi. Tsabola wamuwisi sankafika ngakhale miligalamu imodzi ya aseniki pa kilogalamu, koma akaumitsidwa mu utsiwo ankatha kufika mamiligalamu 500. Ndipo anthu a ku Guizhou sadya popanda tsabola.

Vuto lalikulu koposa linali la fulorini. Anthu oposa 10 miliyoni ku Guizhou ndi madera oyandikana nawo anali ndi matenda obwera chifukwa cha kuchuluka kwake m'thupi: mano ofiirira ndi ophwanyika, mfundo zouma, miyendo yokhota, msana wopindika. M'maiko ambiri matendawa amadzera m'madzi a m'zitsime, koma kuno ankadzera m'chimanga choumitsidwa pamoto. Apa ndi pamene diso la katswiri wa miyala linathandiza kwambiri, pakuti fulorini wambiri sankachokera m'malasha mokha ayi. Ankachokeranso m'dongo lomwe anthu ankasakaniza ndi fumbi la malasha kuti ligwirane ndiponso kuti moto ukhalitse.

Kudziwa zimenezi kunasintha kalimbanidwe ndi matendawa. Malasha a aseniki wochuluka sapezeka paliponse. Ali m'malo ochepa, makamaka kufupi ndi miyala ya golide, choncho n'zotheka kupima mgodi uliwonse n'kudziwa woyenera kuutseka. Boma la China linatseka timigodi tina totere, linagawa mbaula zotulutsira utsi kunja, ndi kulangiza anthu kuyanika zokolola kutali ndi moto komanso kutsuka tsabola ndi chimanga asanaphike.