Mawu oti "akapolo athu" pabwalo la mpira adachokera kuti?

FUNSO: Loweruka lapitali ndidakaonera mpira wa sukulu ziwiri za sekondale kuno ku Dedza. Timu ina itagoletsa, masapota ake adayamba kukuwa kuti, "Khalani pansi, ndinu akapolo athu kuyambira kale!" Anzawo adabweza kuti, "Inu makolo anu ankasinthitsa anthu ndi nsalu!" Ambiri ankaseka, koma bambo wina wachikulire adangonyamuka n'kumapita. Kodi kunyozana kotereku kudayamba bwanji? Ndi nthabwala chabe?
Wowerenga wathu, Bembeke

YANKHO: Zikomo bambo pofunsa. Kuselewulana pampira n'kwakale, ndipo n'kumene kumakometsa masewero. Matimu a Maule ndi Manoma akakumana sipalephera kumveka mawu olasa. Koma mawu amene mudamvawo sadabadwire pabwalo. Adachokera m'mapiri omwe mumawaona mukatuluka m'nyumba m'mawa.

M'zaka za m'ma 1870 Angoni a kwa Maseko adakhazikika kuphiri la Domwe, tsidya la malire ku Angonia, ndipo nkhondo zawo zinkafika m'midzi ya Achewa kudzatenga ng'ombe, chakudya ndi anthu. Kuchokera kunyanja kunkabwera mafumu ena a Ayao amene anali pamalonda ndi Aluya, monga Tambala kuno ku Dedza ndi Mponda ku Mangochi. Iwo ankafuna minyanga ya njovu ndi anthu, posinthana ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Ogwidwawo ankamangidwa m'magoli, kuwolotsedwa nyanja pazombo, kenaka ulendo wapansi mpaka ku Kilwa ndi Zanzibar. Jumbe wa ku Nkhotakota adalemera ndi malonda omwewa. Achewa ambiri adasiya minda yawo n'kukabisala m'mapanga ndi pamwamba pa mapiri monga Chongoni, ena adamanga malinga. Asilikali a boma la Britain adagonjetsa Tambala mu 1896, chaka chomwenso adapha Inkosi Gomani woyamba wa Angoni a kwa Maseko.

Apa ndi pamene ambiri amalekezera nkhani, ngati kuti mtundu wina unkangogwira, wina unkangogwidwa. Sizidali choncho. Mawu oti kapolo, mdzakazi ndi chikole ndi Chichewa chenicheni, ndipo alipo chifukwa zinthuzo zidalipo pakati pathu. Banja likalephera kulipira mlandu linkatha kupereka mwana ngati chikole. Mafumu ena a Achewa nawonso ankagulitsa anthu, makamaka nthawi ya njala. Taganizaninso za chikamwini: ana ndi a mbumba ya mayi, ndipo mwini wawo ndi atsibweni. Koma mkazi wogwidwa kunkhondo kapena wogulidwa analibe mlongo womuyankhulira, choncho ana ake ankatsala m'manja mwa bambo. N'chifukwa chake amuna olemera, Achewa ndi Ayao omwe, ankafunitsitsa adzakazi. M'mabanja ambiri muli agogo aakazi amene kwawo sikutchulidwa, ndipo akuluakulu ukawafunsa amangotembenuza nkhani.

Kwa Angoni umboni wake uli pakamwa. Bwanji Mngoni wa kwa Kachindamoto kapena kwa Kamenyagwaza lero akuyankhula Chichewa, Chingoni n'kutsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'mayina a mafuko? China mwa zifukwa zake n'chakuti Angoni ankalowetsa ogwidwa m'mabanja ndi m'magulu awo ankhondo, ndipo ana adayamwa chiyankhulo cha amayi awo a Chichewa. Mnyamata amene ankakuwa kuti "akapolo athu" uja, n'kutheka ndithu kuti ankanyoza agogo ake omubala.

Tsono nthabwala idalowa bwanji? Mitundu imene idamenyana kale nthawi zambiri imasandutsa udaniwo chisuwani. Ku Zambia Angoni ndi Abemba, amene adalimbana kalekale, lero amatchana asuwani ndipo amanyogodolana poyera popanda wokwiya. Koma chisuwani chili ndi udindo wake: kukagwa maliro kwa Mngoni, Abemba amabwera kudzagwira ntchito ndi kusonkhetsa ndalama, ndipo Angoni amabweza chimodzimodzi. Ngakhale kwathu kuno adzukulu amaselewula pamaliro chifukwa ndi iwo akumba manda. Ufulu wonyoza umabwera ndi ntchito yonyamula maliro a mnzako.

Ana a pabwalo aja atola mawu okha, udindo adausiya. Ine sindikuwaona ngati oipa mtima. Akubwereza zimene adamva kwa akulu pamowa, ndipo palibe adawafotokozera kuti kuseri kwa mawuwo kuli mayi amene adalandidwa mwana panjira ya kunyanja. Kuchokera mu 1896 kufika lero papita mibadwo inayi kapena isanu yokha. Bambo amene adanyamuka aja mwina adakhalapo pamiyendo pa gogo amene adabadwira kuphanga.

Aphunzitsi a zamasewero a sukulu ziwirizo ndikuwapempha kuti asangoletsa ndi chikwapu. Akweze matimu onse awiri basi imodzi, atsike nawo ku Mua akaone nyumba ya Chamare ku Kungoni, kumene mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao idayalidwa m'zipinda zitatu zoyandikana. Pobwerera adzere ku Chongoni, akalowe m'mapanga momwe, ndipo aliyense akafika kwawo akafunse dzina la amayi a agogo ake ndi mudzi umene adachokera.